Mudzi ukapatuka ku Mangochi: manda, madzi, mzikiti, chiyambe n'chiti?

Mukawoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kuyamba kukwera mapiri olowera ku Namwera, muziponya maso m'mbali mwa msewu. Pakati pa midzi yakale ya mitengo ya mango ikuluikulu mudzaona timidzi tina tooneka kuti tangobadwa kumene. Njerwa zikadali zofiira, mango akadali ofika m'chiuno, kamzikiti ka malata onyezimira kali chilili pakati, koma amayi akutsetsereka ndi zidebe kudambo chifukwa mjigo palibe. Kamudzi kotere kamakhala ndi nyumba 30 kapena 40, nyakwawa yake yangolongedwa kumene, ndipo dzina lake ngakhale akabaza ena sanaligwire. Midzi yambiri yotere imayamba ndi chinthu chimene chikanayenera kubwera pambuyo, n'kusiya zimene zikanaugwira mudziwo kuti usagwe.

Boma la Mangochi ndi lodzaza. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 1,148,611, ndipo mwa anthu khumi aliwonse, asanu ndi awiri ndi Asilamu. Kwa Makanjira, kwa Katuli ndi kwa Jalasi si zachilendo kupeza mudzi wathunthu umene nyumba iliyonse imamanga Ramadhani. Chisilamu kuno chidafika atsamunda asanabwere: Mfumu Makanjira idalowa cha m'ma 1870, pamene Fort Johnston, imene lero ndi tauni ya Mangochi, idakhazikitsidwa mu 1891. Mudzi ukhoza kukhala watsopano pa dzina, koma anthu ake amasamuka ndi miyambo yakale, ndipo miyambo yomweyo ndi imene imanena kumene manda, mzikiti ngakhale chimbudzi ziyang'ane.

Kwa Ayao mudzi umayima pa mbumba, ndiye kuti alongo ndi ana awo pansi pa mchimwene wawo kapena malume. Mwamuna amakakhala kwa mkazi pa chikamwini, ndipo minda imatsika kuchokera kwa mayi kupita kwa ana aakazi. Agogo awiri apachibale akatsamira mkono, zidzukulu zawo zimayamba kuonana ngati nthambi ziwiri. Minda ikachepa, kapena pakabuka mkangano wa ufumu, kapena mawu a ufiti akangotchulidwa pamaliro, mwinimbumba wa nthambi yaing'ono amatenga alongo ake n'kukamanga tsidya la mtsinje. Midzi ya Chiyao yakhala ikuswana chonchi kuyambira makedzana. Chimene chidasintha n'chakuti makuponi a fetereza atayamba mu 2005, dzina la mudzi lidakhala ndi mtengo. Amene ali ndi mudzi ndiye amalemba maina, amasunga chidindo, ndipo amayembekeza mswahala. Kuyambira pamenepo midzi ina idayamba kupatuka popanda ngakhale munthu mmodzi kusuntha nyumba yake.

Palinso midzi imene idabadwa mwanjira ina. Pakati pa 2004 ndi 2011 pulojekiti ya Kudzigulira Malo idakhazika mabanja oposa 15,000 pa malo amene kale adali maesiteti, ambiri mwa iwo ku Mangochi ndi ku Machinga, banja lililonse ndi mahekitala pafupifupi awiri. Ena adachokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, ena adali a konkuno. Magulu amenewa anthu amawatchabe matrasti, ndipo vuto lawo lidali losiyana: malo adali nawo ndi mapepala omwe, koma mfumu, manda ndi mjigo adachita kuyamba kufunafuna atafika kale.

Njira ya ufumu ndi yodziwika. Lamulo la mafumu la 1967 limapereka kwa mfumu yaikulu, T/A, mphamvu yoika magulupu ndi nyakwawa m'dera lake. Koma palibe amene amalumpha n'kukagwa pakhomo pa T/A. Mbumba imayamba yagwirizana yokha za munthu, ndipo mawu a amayi akuluakulu ndiwo amalemera pamenepa. Kenaka nkhani imapita kwa nyakwawa ya mudzi wakale, amene Ayao amati asyene musi, kuti avomere kuti ana ake akula. Iyeyo ndiye amaperekeza nkhani kwa gulupu, gulupu n'kukaitula kwa T/A. Amene amadutsa nyakwawa yakale chifukwa choti sakulankhulana amadzalipira pambuyo, chifukwa tsiku lililonse la mlandu wa malire mboni yoyamba idzakhala munthu yemweyo. Ndipo dziwani kuti kulongedwa ndi kulowa pa mndandanda wa mswahala ndi zinthu ziwiri. Cholonga chimachitika pabwalo tsiku limodzi, mpunga ndi mbuzi zikudyedwa. Mndandanda umadutsa ku khonsolo ndi ku unduna wa maboma aang'ono, ndipo nyakwawa zambiri zimagwira ntchito zaka osalandira kanthu. Amene akufuna ufumu chifukwa cha mswahala walira mvula, matope akubwera.

Chinthu choyamba chenicheni ndi malire, ndipo ayendedwe ndi miyendo. Nthawi yabwino ndi Ogasiti kapena Seputembala, udzu utauma, minda ili poyera, munthu asanayambe kusosa. Pakhale nyakwawa yakale, yatsopano, gulupu kapena nduna yake, ndi mwini munda aliyense wa m'malire. Musaiwale amayi okalamba. Mwamuna wa chikamwini amadziwa pamene amalekezera kulima, koma mayi ndiye amadziwa pamene amayi ake ankalekezera. Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi chizindikiro. Anthu amaloza mtengo wa mango, chulu kapena kamtsinje. Mtengo umadulidwa n'kukhala makala, chulu chimagumulidwa poumba njerwa, ndipo timitsinje totsika m'mapiri a kuno timasintha njira chaka cha mvula yambiri. Dzalani khonje kapena nkhadze motsatana, m'makona muikemo mwala waukulu wothiridwa simenti, ndipo ngati pali mnyamata wa foni yabwino alembe manambala a GPS a kona iliyonse. Zonse zilembedwe pa pepala limodzi, tsiku ndi maina a mboni, gulupu adinde, makope akhale atatu m'nyumba zitatu zosiyana. Pepala la m'nyumba imodzi limadyedwa ndi chiswe kapena limasowa tsiku limene likufunika.

Lamulo la malo a makolo la 2016, limene lidakonzedwanso mu 2022, lidaika komiti ya malo pa gulupu aliyense. Wapampando ndi gulupu, pamodzi ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, ndipo osachepera atatu akhale amayi. Mudzi watsopano uyesetse kuti mmodzi mwa anthu amenewa akhale wake, kapena akhale munthu amene adayenda nawo m'malire muja. Tsiku lomwelo la malire patulanitu malo a anthu onse: manda, mzikiti, mjigo, bwalo la ana, dambo lodyetsa mbuzi ndi kankhalango ka nkhuni. Lero malo aoneka ambiri, koma pakatha zaka zisanu aliyense adzakhala atamanga khitchini pamene mumafuna kuika sukulu. Amene ali m'mphepete mwa nkhalango ya Namizimu asanamizane kuti malire a boma adzasuntha okha.

Pambuyo pa malire pabwere manda. Ambiri amaona ngati kulankhula za manda pa mudzi wongoyamba kumene n'kuitana tsoka, koma Msilamu sagonekedwa masiku. Munthu akamwalira usiku, dzuwa likamapendeka mawa lake amakhala ataikidwa. Mudzi wopanda manda ake umayenera kutumiza anthu m'bandakucha kukapempha malo ku mudzi umene adachokako, ndipo ngati adachokako mokangana, pamenepo mpamene mawu onse akale amabwezedwa, maliro ali m'nyumba. Malo a manda asankhidwe m'dzinja. Kumbani dzenje lofika m'chifuwa mu Febuluwale, mulisiye usiku umodzi. Mukapeza madzi m'mawa, pamenepo si pamanda. Akhale kumunsi kwa mjigo ndiponso kutali nawo, ndipo mitengo yake isadulidwe.

Kuno chibula, mbali ya ku Makka imene Asilamu amayang'ana popemphera, chili kumpoto, choncho manda amakumbidwa mopingasa, kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo. Mutu umaloza kum'mawa, thupi ligonere kumanja, nkhope iyang'ane kumpoto. Pa dothi lolimba la kumtunda okumba amaboola kachipinda m'mbali mwa khoma la kumpoto. Pa dothi la mchenga, monga la kunyanja, kachipinda kotere kamagumukira okumba, ndiye amakumba kangalande pakati pa dzenje n'kuyala matabwa pamwamba. Zonse ziwiri n'zololedwa, koma anyamata amene adaphunzira kukumba ku dothi lina amaumirira njira imene adazolowera, ndipo pamenepo mpamene ngozi imachitikira. Mudzi ukhale ndi jeneza yake yonyamulira maliro, makasu, mafosholo ndi piki zosabwerekedwa ku ntchito ina, ndi nsalu yoyera ya sanda yosungidwa: zidutswa zitatu kwa mwamuna, zisanu kwa mkazi. Pakhalenso amuna awiri ndi amayi awiri odziwa kusambitsa maliro. Mudzi ukadalira mayi mmodzi wokalamba, tsiku limene iye wadwala kapena wapita yekha mumasowa pogwira.

Pali nkhani ina imene anthu amaizemba mpaka maliro oyamba. Asilamu a kuno si a mtundu umodzi pa kachitidwe. A Qadiriyya amanyamula jeneza akuchita sikiri, kuimba kotamanda Mulungu, ndipo amasunga sadaka ya masiku 40. A Sukuti amanyamula mwachete, ndipo achinyamata ambiri amene adaphunzira m'masukulu a Chisilamu amakana sadaka zimenezi. Ku mudzi waukulu aliyense amapeza anzake. Pa mudzi wa nyumba 40 mkangano umenewu umang'amba banja pakati, ndipo mapeto ake ndi timizikiti tiwiri toyang'anizana, tonse topanda anthu. Akuluakulu akhale pansi munthu asanamwalire n'kugwirizana kuti banja la womwalira ndilo lizinena mwambo, ena azitsata kapena azikhala chete.

Tsopano madzi, ndipo apa ndichedwepo, chifukwa mudzi watsopano umadwala ndi madzi usanadwale ndi china chilichonse. Kolera wa 2022 ndi 2023 adaonetsa poyera, Mangochi ali m'gulu la maboma amene adakhudzidwa kwambiri. Muyezo wa boma ndi wakuti mjigo umodzi utumikire anthu 250 ndipo munthu asayende mtunda woposa mamita 500. Nyumba 40 za anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi zikuyandikira kale pamenepo. Mjigo usanabwere, chitsime cha kudambo chimangiridwe mpanda ndi chotsekera, chidebe chotungira chikhale chimodzi chosagwa pansi, ndipo madzi akumwa athiridwe klorini: kachitsekero kamodzi ka WaterGuard pa malita 20, dikirani mphindi 30. Mlangizi wa zaumoyo amagawanso klorini wosungunula nthawi ya mliri.

Mjigo ukapezeka, kaya wa khonsolo, wa phungu kapena wa bungwe, pali zinthu zitatu zoti komiti iimepo nji. Choyamba ndi malo. Mjigo suikidwa pakhomo pa nyakwawa chifukwa ndi nyakwawa. Uikidwe pamene woyeza wapeza madzi, pa malo amene mwini wake wapereka polemba, mamita osachepera 30 kuchokera pa chimbudzi kapena khola. Chachiwiri ndi nthawi. Mjigo wokumbidwa mu Malichi umanamiza, chifukwa madzi amakhala ali pamwamba. Okumba akawapeza msanga amasiya, ndipo pofika Okutobala mjigo ukungotulutsa mphepo. Wabwino ndi wokumbidwa m'chilimwe chenicheni. Chachitatu, komiti ifunse kuya kwake, chiwerengero cha mapaipi ndi marodi amene alowa, ilembe m'buku. Rodi imodzi ya Afridev, pampu ya pa mijigo yambiri, ndi mamita atatu, ndipo pampu imeneyi imakoka bwino mpaka mamita 45. Madzi alawidwe okumba asanachoke, chifukwa m'madera ena a kunyanja amatuluka amchere.

Afridev ndi pampu yokoma mtima, imadandaula isanafe. Chogwirira chikayamba kugwedera uku ndi uku n'kumalira chitsulo pa chitsulo, atha ndi ma bush bearing, timapulasitiki tinayi ta m'mutu mwa pampu. Mukawasiya, chitsulo chimadya chinzake ndipo mudzagula mutu wonse. Mukamapopa madzi n'kumatuluka ochepa, U-seal, kalabala ka pa plunger yokweza madzi, yatha. M'mawa mukamapopa nthawi yaitali madzi asanafike, ndiye kuti usiku abwerera pansi: bobbin kapena O-ring ya pa foot valve, chotsekera madzi cha pansi, ikudontha, kapena paipi yang'aluka. Kuyesa kwake n'kosavuta ndipo mwana wa sukulu angathe. Popani kokwana 40 pa mphindi imodzi, chogwirira chizifika pamwamba ndi pansi, mupeze malita 16 kapena kuposa. Siyani pampu mphindi 30, mukabwerera madzi atuluke musanapope kasanu. Kuyesaku kuchitike mwezi uliwonse, ndipo timalabala ndi ma bearing tisinthidwe kamodzi pachaka tisanathe. Ntchito ya m'mutu ndi ya marodi komiti yophunzitsidwa imatha yokha ndi sipanala imodzi. Ya mapaipi itanani mekaniki wa dera, chifukwa paipi ikapulumuka m'manja n'kugwera pansi, kuivuula n'kodula kuposa mekanikiyo.

Chimene chimapha mijigo yambiri si chitsulo koma thumba. Komiti imasonkhetsa mwezi woyamba ndi wachiwiri, kenaka anthu amati mjigo uli bwino, ndalama n'zachiyani. Nyumba 40 zitamapereka K1,000 pamwezi ndi K40,000, koma pa mudzi wa alimi ndalama ya mwezi ndi mwezi imavuta. Chosavuta ndi kusonkhetsa kamodzi pokolola, mu Meyi kapena Juni, ndowa ya chimanga kapena mbale za nandolo pa nyumba iliyonse. Ndipo musasunge ndalama, sungani zipangizo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, makomiti amene adali ndi ndalama m'kachitini adadzuka ndalama zawo zitachepa mphamvu, pamene amene adali ndi timalabala m'kabokosi sadataye kanthu. Msungichuma akhale mayi, buku likhale kwa munthu wina, ndipo ziwerengedwe poyera pabwalo. Ngalande ya madzi otayika ithere m'dzenje la miyala kapena m'kadimba ka nthochi, osati m'chithaphwi cha udzudzu.

Zimbudzi ndingozitchula mwachidule. Pa dothi la mchenga dzenje la makona limagumuka mvula yoyamba. Kumbani lozungulira, mulimange ndi njerwa kapena mulowetsemo nsungwi zolukidwa ngati nkhokwe. Pakhomo pakhale mpondagiya ndi sopo kapena phulusa. Ndipo popeza Msilamu sayang'ana kapena kufulatira chibula podzithandiza, bowo ndi popondera ziikidwe moti munthu ayang'ane kum'mawa kapena kumadzulo. Amisiri ochokera kwina saidziwa mfundo imeneyi, muwauze silabu isanaumbidwe.

Mzikiti ndiwo umafulumira kuposa zonse, ndipo chifukwa chake n'chomveka: ndiwo umaonetsa kuti pano pali mudzi, komanso opereka thandizo amaukonda. Koma Swala, pemphero la Chisilamu, imatheka pa mphasa pansi pa chisakasa pamene mukukonza zinazi. Kumbukiraninso kuti Asilamu ambiri a kuno amatsata Imam Shafi, ndipo m'chiphunzitso chimenecho Swala ya Ijumaa imafuna amuna 40 okhazikika pamalopo. Mudzi wa nyumba 40 umene amuna ake theka ali ku Joni kapena kunyanja sungafikepo. Palibe chamanyazi kuswali Swala zisanu pa mzikiti wanu, Lachisanu n'kuyenda kupita ku mzikiti wakale. Ulendo umenewo ndi umene umasunga ubale ndi mudzi umene mudachokako.

Mukamamanga, yambani ndi chibula. Kuchokera ku Mangochi, Makka ili kumpoto, kupendekera kum'mawa madigiri 7 okha. Kampasi ya pafoni imasokonezeka pafupi ndi malata, njinga kapena fosholo, ndipo mizikiti ingapo idamangidwa mokhota moti mizere ya pansi imachita kudutsa mopingasa chipinda. Njira yosanama ndi ya dzuwa. Pa 27 kapena 28 Meyi nthawi ya 11:18 m'mawa, ndiponso pa 15 kapena 16 Julayi nthawi ya 11:27, dzuwa limakhala pamwamba penipeni pa Kaaba, nyumba yopatulika ya ku Makka. Pachikani chingwe chomangirira mwala pa mtanda, pamalo osalazidwa bwino, mudikire chileke kugwedera. Nthawi ikakwana, khomani zikhomo ziwiri pa mthunzi wa chingwecho. Mukaima kumapeto kwa mthunzi n'kuyang'ana chingwe, mwayang'ana chibula. Khoma la kutsogolo lidutse mzere umenewo mopingasa, ndipo kona yake muipeze ndi chingwe cha mamita 3, 4 ndi 5 monga amachitira amisiri onse. Masiku amenewa akugwa nthawi yabwino, anthu atakolola, ntchito yomanga isanayambe. Kukachita mitambo mu Meyi, Julayi akudikirani.

Munthu mmodzi poswali amatenga masentimita 60 m'mbali ndi 120 kutsogolo. Chipinda cha mamita 8 m'litali ndi 6 m'lifupi, khoma lalitali likuyang'ana chibula, chimatenga mizere isanu ya anthu 13, onse pamodzi 65. Makoma a mamita atatu kutalika amadya mabuloko a simenti pafupifupi 1,000 mpaka 1,100. Njerwa zootcha n'zotsika mtengo pa thumba koma uvuni umodzi umamaliza mitengo imene mudzi ukanaphikira chaka, ndipo kuyambira 2018 nyumba za boma ndi za mabungwe, monga midadada ya sukulu, siziloledwanso kumangidwa nazo. Pa maziko yalani pulasitiki kuti chinyezi chisakwere, matabwa a denga apakidwe mankhwala a chiswe, ndipo denga limangiriridwe ku khoma ndi waya wolowa mizere ingapo pansi. Mwera wa Juni ndi Julayi ndi mphepo yoyamba ndi mvula zimasasula denga longokhomedwa misomali. Mbali ya amayi ikhale m'pulani kuyambira pachiyambi, ndi khomo lake ndi pochitira wuzu pake, posamba asanaswali. Ikasiyidwa kuti tidzawonjezera, imadzakhala kakhonde kotentha kopanda zenera.

Malo a mzikiti alembedwe kuti aperekedwa kwa Allah ndipo si a banja lililonse, ana a woperekayo asainire. Popanda pepala limenelo, mdzukulu wina adzabwera kuchokera ku Johannesburg n'kunena kuti mzikiti uli m'munda mwa agogo ake, choncho shehe asankhe ndi iye. Funso lina limene opereka malata safunsa ndi lakuti mwalimu adzadya chiyani. Mzikiti umamangidwa miyezi itatu, mwalimu amafuna chakudya chaka chonse. Midzi imene imasunga mwalimu ndi imene imamupatsa nyumba ndi munda, n'kumulimira masiku oikika, kapena kumusonkhera chimanga pokolola. Zakaat ya kumapeto kwa Ramadhani, makilogalamu awiri ndi theka kapena atatu a chakudya pa munthu aliyense, ndi ya osauka, isasanduke malipiro a mwalimu mwakachetechete.

Madrasa ikhale masana ana akaweruka, ndipo mwalimu akhale woyamba kufunsa mwana amene sadapite ku sukulu m'mawa. Makolo akale ankaopa sukulu chifukwa zambiri zidali za mishoni ndipo mwana ankabwerako ndi dzina lina. Mantha amenewo adasiya bala lalikulu m'boma lino, ndipo mudzi watsopano ulibe chifukwa cholitengera. Sukulu ya pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, ndipo mgwirizano wa 2021 pakati pa atsogoleri a Chikhristu ndi a Chisilamu, umene bungwe la zipembedzo la PAC lidayendetsa, udatsegula njira yoti atsikana azivala hijabu yogwirizana ndi yunifolomu m'sukulu za mipingo. Vuto lenileni la kamudzi ka kutali ndi mtsinje. Mwana wa sitandade 1 sawoloka madzi a Januwale, ndipo akajomba miyezi iwiri sabwereranso. Sukulu yathunthu simungaipeze msanga, koma ya mkombaphala mungayambe nokha ndi chisakasa, amayi awiri odzipereka ndi munda umodzi wa chimanga ndi soya wa phala. Jando ndi nsondo zichitike pa holide yaikulu ndipo ana atuluke sukulu isanatsegulidwe. Nyakwawa imene imapereka chilolezo cha ndagala, msasa wa chinamwali, ili ndi mphamvu yonena tsiku lotseka.

Ku boma mudzi umamveka kudzera mu VDC, komiti ya chitukuko cha midzi, imene imakhala pa gulupu, osati pa nyakwawa. Zofuna za midzi zimalowa mu pulani ya VDC, n'kupita ku ADC, komiti ya chitukuko ya kwa T/A, kenaka ku khonsolo. Mfumu siikhala wapampando wa komitizi, imangolangiza. Mudzi watsopano umalakwa poganiza kuti nyakwawa ikakalankhula ndi khansala pamaliro ndiye kuti mjigo wapemphedwa. Chosalembedwa mu pulani chimaiwalika. Tumizani mwamuna ndi mayi odziwa kulemba, azikakhala pa msonkhano uliwonse ngakhale wopanda alawansi, ndipo pempho lanu likhale limodzi lomveka, osati mndandanda wa zinthu khumi. Pa nkhani ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo samalani kwambiri: maina a anthu anu ali pansi pa mudzi wakale m'kaundula wa alangizi. Musawachotse kumeneko dzina la mudzi wanu lisanalowe m'mabuku a khonsolo ndi a ku EPA, ofesi ya zaulimi ya dera, chifukwa mudzagwa pakati, uku mulibe uko mulibe.

Ndipo posankha makomiti onsewa, yang'anani amene adzakhalepo mu Okutobala. Mnyamata wa changu amene mwamusankha kukhala mlembi mu Epulo, pofika chilimwe ali pa basi ya ku Joni kapena ali pa boti akusaka usipa, buku ndi kiyi zili m'chikwama chake. Ndalama zake zidzabwera pa Mukuru ndipo zidzagula malata, zimenezo n'zabwino, koma mjigo ukafa iye sadzakhalapo. Otsala pamudzi chaka chonse ndi amayi, ndipo kwa Ayao malowo ndi awo kale. Kiyi wa kabokosi ka zipangizo za mjigo, buku la zopereka ndi kope limodzi la malire zikhale m'manja mwawo.

Nyakwawa nayo isunge buku lake lachikuto cholimba, tsamba limodzi pa nyumba iliyonse: mwini nyumba, mwamuna ndi kumene adachokera, ana ndi masiku awo obadwa, manambala a ziphaso za unzika, amene wamwalira ndi tsiku lake, amene wapita kunja ndi nambala yake ya foni. Mwana akabadwira pakhomo kapena munthu akamwalirira pamudzi, mafomu a NRB, nthambi ya boma yolembetsa nzika, amafuna umboni wa mfumu, ndipo buku limeneli ndilo limayankha. Nikaha iliyonse, ukwati wa Chisilamu, ilembedwemo pamodzi ndi zaka za mkwati, popeza lamulo la dziko lidaika 18 ndipo shehe womangitsa ukwati wa mwana amaika mudzi wonse pa mlandu. Chidindo chisatuluke m'nyumba ya nyakwawa, ngakhale mphwake atachipempha kuti akangodinda kalata imodzi pa msika.